Timu Yolimba Imayambira ku Nazale

Moni kwa inu abale athu a ku Reiger Park, ku Ramaphosa, ku Vosloorus ndi madera onse a Boksburg, amene mwangofika kumene kuchokera ku ntchito ndipo mwakhala pansi kuti mupumeko. Takulandirani ku pulogalamu yathu ya zamasewera.

Lero mpira wamiyendo tiuika kaye pambali. Tikamba za baseball, masewera amene ambiri timangowaona m'mafilimu a ku America, koma amene amaseweredwa konkuno ku East Rand. Funso lathu ndi ili: kodi timu imene yakhala ikugonja chaka ndi chaka imatani kuti ifike polimbirana chikho? Yankho limene timve mobwerezabwereza ndi lakuti timu yotere imayamba yalera anyamata akeake, ndipo kusinthana osewera ndi matimu ena kumapindula pokhapokha ngati kulera kuja kwayenda bwino. Tiyamba ndi mmene masewerawa anafikira kuno, kenako tipita ku America kukaona matimu awiri, ina imene inakhoza ndi ina imene inadziwotcha yokha. Pakati pa nkhaniyi tikumana ndi anyamata awiri a m'chigawo chino cha Gauteng amene moyo wawo unadutsa m'misinthano imeneyi.

Choyamba, kwa amene sanawaonepo masewerawa. Timu iliyonse imakhala ndi osewera asanu ndi anayi m'bwalo. Wina amaponya kampira kolimba, kocheperako pang'ono ndi lalanje, ndipo wa timu inayo amayesa kukamenya ndi ndodo yokhuthala. Akamenya, amathamanga kuzungulira malo anayi oikidwa m'bwalomo, ndipo akabwerera pamene anayambira, timu yake yapeza chigoli. Anzake a woponya uja amakhala atamwazikana m'bwalo, atavala chikopa chachikulu kudzanja, kudikira kuwakha mpirawo ndi kuuponya msanga kuti wothamangayo atuluke. Anthu atatu akatuluka, matimu amasinthana: omenya amapita kukawakha, owakha amabwera kudzamenya.

Masewerawa si achilendo pa nthaka ino. Anabwera ndi anthu a ku America amene anadzagwira ntchito m'migodi ya golide chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, migodi yomweyi imene pambuyo pake inakoka agogo athu ambiri kudzera ku Wenela. Amene amakhala ku Reiger Park amaona tsiku ndi tsiku milu ya mchenga wa mgodi wa ERPM, umene unali umodzi mwa migodi yakuya kwambiri padziko lonse. Dera limeneli kale linkatchedwa Stirtonville. M'zaka za m'ma 1960 boma la tsankho linabalalitsa anthu ake potengera khungu: akuda anawasamutsira ku Vosloorus, amwenye ku Actonville, ndipo malowa anawasiyira makaladi. Masewera nawo anagawidwa chimodzimodzi, mabwalo abwino anapita mbali imodzi. N'chifukwa chake mpaka lero mwana wa m'lokeshoni amakula akudziwa mpira wamiyendo, pamene bwalo la baseball la kalabu ya Boksburg Cardinals lili m'tauni yake yomweyo.

Ngakhale zili choncho, South Africa ndiye dziko lotsogola pa baseball mu Africa muno. Mu 2000 timu ya dziko lino inasewera pa Olympics ku Sydney ndipo inagonjetsa Netherlands. Mu 2006, pa mpikisano woyamba wa World Baseball Classic, inatsala pang'ono kugwetsa Canada. Luso lilipo. Chimene kulibe ndi ligi yolipira osewera, motero mnyamata amene akufuna kudyera masewerawa amayenera kuwoloka nyanja.

Tsopano tiyeni tiwoloke naye, tione mmene zinthu zimayendera kumeneko.

Ligi yaikulu ya ku America, yotchedwa Major League Baseball, ili ndi matimu 30. Timu iliyonse imasewera masewera 162 pachaka, pafupifupi tsiku lililonse kuyambira kumapeto kwa March mpaka September, ndipo mu October matimu ochita bwino amalimbirana chikho cha World Series. Ife tinazolowera kuti wosewera amagulidwa ndi ndalama, monga mmene Gabadinho Mhango anachokera ku Big Bullets kubwera ku Bloemfontein Celtic, n'kudzafika ku Bidvest Wits ndi Orlando Pirates. Ku baseball, kawirikawiri munthu amasinthidwa ndi munthu mnzake. Timu imapereka katswiri mmodzi n'kulandira anyamata atatu kapena anayi amene anthu ambiri sanawamvepo n'komwe. Wosewerayo nthawi zambiri safunsidwa. Amangoitanidwa mu ofesi, kuuzidwa kuti alongedze, mawa lake wavala yunifomu ina mumzinda wina.

Nanga anyamata osadziwikawo amachokera kuti? Timu yaikulu iliyonse ili ndi matimu ang'onoang'ono pansi pake, m'matauni akumidzi, oikidwa m'masitepe. Mnyamata amayambira pansi penipeni n'kumakwera sitepe imodziimodzi, ndipo ambiri amathera panjira. Mlimi wa fodya wa ku Kasungu kapena ku Mchinji angamvetse msanga zimenezi, chifukwa amadziwa kuti munda wabwino umaonekera pa nazale: mbande zimathiriridwa m'mawa ndi madzulo kwa miyezi, zina zimafa, ndipo zolimba zokha ndi zimene zimakawokeredwa kumunda mvula ikagwa. Amene anakhwimitsa njira imeneyi ndi Branch Rickey wa timu ya St. Louis Cardinals m'zaka za m'ma 1920. Timu yake inalibe ndalama zolimbirana akatswiri ndi matimu olemera a ku New York, choncho anayamba kugula matimu ang'onoang'ono kuti azilereramo osewera akeake. Mu 1926 Cardinals inatenga chikho chake choyamba cha World Series, ndipo matimu ena onse anatengera nzeruyo.

Pali malamulo awiri amene amapangitsa kuti kulera kukhale kopindulitsa. Loyamba ndi la chisankho cha pachaka chotchedwa draft, pamene matimu amasankha mosinthana anyamata ochokera m'masukulu a ku America, Canada ndi Puerto Rico, ndipo kawirikawiri matimu amene anachita moipa chaka chapitacho ndiwo amayamba kusankha. Lachiwiri ndi lakuti wosewera akafika mu ligi yaikulu amakhala m'manja mwa timu yake kwa zaka zisanu ndi chimodzi asanakhale ndi ufulu wosankha yekha kopita, ndipo zaka zitatu zoyambirira amalandira malipiro otsika poyerekeza ndi akatswiri. Ndiye kwa timu yosauka, mnyamata waluso amene yamulera yokha ndi chuma chenicheni.

Omvera, gwirani mfundo imeneyi pamene tikupita ku chitsanzo choyamba: kulera kumayamba, kusinthana kumatsatira.

Timu ya Chicago Cubs inali itatenga chikho komaliza mu 1908. Agogo anabadwa, kukalamba, kumwalira, osaona timu yawo itapambana. Chakumapeto kwa 2011 eni timu analemba ntchito Theo Epstein, amene anali atathandiza kale Boston Red Sox kutenga chikho pambuyo pa zaka zambirimbiri. Epstein anauza ochemerera poyera kuti adekhe, chifukwa zinthu ziyamba zaipa zisanakome. Ndipo zinaipadi: mu 2012 Cubs inagonja masewera opitirira 100.

Koma kuseri ntchito inali mkati. Kumayambiriro kwa 2012 anapereka woponya mpira Andrew Cashner ku San Diego n'kutenga Anthony Rizzo, mnyamata amene anali atalephera kumenya bwino pa mwayi wake woyamba mu ligi yaikulu. Chaka chotsatira anapereka Scott Feldman, woponya amene pangano lake linali kutha chaka chomwecho, ku Baltimore, n'kulandira Jake Arrieta, amene ku Baltimore anali atamutayira kale mtima. Aphunzitsi a ku Chicago anamulola kuponya mmene thupi lake linkafunira, ndipo mu 2015 Arrieta anasankhidwa kukhala woponya wopambana onse mu ligi yake. Chifukwa chogonja kwambiri, Cubs inapezanso mwayi wosankha koyambirira mu draft ya 2013, ndipo inatenga Kris Bryant. Taonani ndondomeko yake: ankagulitsa munthu amene watsala pang'ono kuchoka, n'kugula munthu amene zaka zake zabwino zili kutsogolo.

Anyamatawa atakhwima, m'pamene Epstein anatsegula chikwama. Kumapeto kwa 2014 anapatsa woponya wodziwika Jon Lester pangano la ndalama zankhaninkhani. Ndipo mu July 2016, ataona kuti chikho chayandikira, anachita zimene ankakana zaka zonse zija: anapereka mnyamata wake wodalirika kwambiri, Gleyber Torres, wa zaka 19, ku New York Yankees, kuti atenge Aroldis Chapman, woponya waliwiro loopsa amene akanakhala nawo miyezi itatu yokha. Torres anadzakhala katswiri ku New York, ndipo Chapman nyengoyo itangotha anabwerera ku Yankees komweko. Komabe ku Chicago ndi ochepa amene amadandaula, chifukwa mu November 2016 Cubs inagonjetsa Cleveland pa masewera achisanu ndi chiwiri omaliza, n'kutenga chikho patatha zaka 108. Msinthano umenewu unali wokwera mtengo, koma unachitika pa nthawi yake, timu itatsala ndi chosowa chimodzi chokha.

Apa pali mwana wa ku Johannesburg amene sitiyenera kumudumpha. Tayler Scott anabadwira mumzinda uno mu 1992, ndipo ali mnyamata anasamukira ku Arizona kuti akaphunzire sekondale uku akusewera baseball. Zimenezo zinamulowetsa mu draft, ndipo mu 2011 amene anamusankha ndi Cubs yomweyi. Anakhala m'matimu awo ang'onoang'ono zaka zingapo, koma mu 2016, chaka chimene anzake ankavina ndi chikho, iye anali atachotsedwa kale. Anakasewera mu ligi ina yapayokha, Milwaukee inamutola, ndipo mu July 2017 inamupereka ku Texas posinthana ndi woponya wina, Jeremy Jeffress. Scott anafika mu ligi yaikulu mu 2019 ndi Seattle, n'kukhala woponya woyamba wa ku South Africa kufika pamenepo. Anadutsa ku Baltimore, anakasewera ku Hiroshima m'dziko la Japan, anabwerera n'kuzungulira matimu ena angapo, ndipo chaka chake chabwino kwambiri chinadza mu 2024 ku Houston, ali ndi zaka zopitirira 30. Pamene akuluakulu a matimu akuwerengera phindu la msinthano, pamakhala munthu amene akusaka nyumba yatsopano, kutsanzikana ndi anzake ndi kuyambanso kudziwitsa aphunzitsi atsopano kuti iye ndani.

Tikupitiriza pulogalamu yathu ya zamasewera, ndipo lero tikukamba za mmene timu ya baseball imamangidwira. Tamva za Chicago. Tsopano tipite ku Pittsburgh, ku timu yotchedwa Pirates. Ochemerera Orlando Pirates musasokonezeke, iyi ndi ina, ngakhale nayo imavala zakuda.

Pittsburgh Pirates inakhala zaka 20 zotsatizana, kuyambira 1993 mpaka 2012, ikugonja masewera ambiri kuposa amene inkapambana. Ndi timu ya mumzinda wocheperapo, yopanda ndalama ngati za ku New York kapena Los Angeles. Neal Huntington atakhala mkulu woyendetsa timuyi mu 2007, anagulitsa pafupifupi osewera onse odziwika, monga Jason Bay, Nate McLouth ndi Freddy Sanchez. Ochemerera anapsa mtima, ndipo anali ndi chifukwa. Koma ndalama zimene anapulumutsa anazilowetsa m'kusaka anyamata. Anthu ake osaka luso anapita kumene matimu ena sankapitako. Mu 2008 analemba anyamata awiri a ku India, Rinku Singh ndi Dinesh Patel, amene anali asanasewerepo baseball chiyambire. Anapezanso Dovydas Neverauskas ku Lithuania. Ndipo chaka chomwecho cha 2008 analemba mnyamata wa ku Randburg, Mpho Gift Ngoepe.

Nkhani ya Gift Ngoepe ndi yofunika kuimva modekha, makamaka ife amene tikudziwa moyo wa m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya abwana. Anabadwa mu 1990 ku Polokwane. Mayi ake, a Maureen, anabwera ku Johannesburg kudzafuna ntchito, ndipo anaipeza ku kalabu ya baseball ya Randburg Mets, komwe ankasesa, kuchapa ndi kugulitsa zakudya. Kalabuyo inawapatsa kachipinda kakang'ono m'nyumba yake yomweyo, ndipo m'menemo ndi mmene Gift ndi abale ake anakulira. Akatsegula chitseko, bwalo la baseball ndilo linali khonde lake. Anayamba kuponya ndi kuwakha mpira ali wamng'ono kwambiri, ndipo anthu a pakalabupo anamuphunzitsa, kumupezera zipangizo ndi kumuthandiza pa maulendo.

Popeza mwana wa ku Africa salowa mu draft, njira yake inali ina. Anaitanidwa ku sukulu ya baseball imene ligi ya ku America inkachititsa ku Tirrenia m'dziko la Italy, ndipo kumeneko ndi kumene a Pirates anamuona. Anamupatsa madola 15,000 osainira, ndalama yochepa zedi poyerekeza ndi mamiliyoni amene anyamata osankhidwa koyambirira mu draft amalandira. Mu 2009, ali ndi zaka 19, anaimira South Africa pa World Baseball Classic ndipo pa masewera olimbana ndi Mexico anamenya kawiri mpira umene unamufikitsa pa malo achitatu. Kenako zinayamba zaka zodikira: Bradenton, Altoona, Indianapolis, maulendo ataliatali a pa basi, malipiro osakwanira. Aliyense ankavomereza kuti pa kuwakha ndi kuponya palibe womuposa m'matimu onse a Pirates, koma ndodo yake inali yofooka. Mu 2013 mayi ake anamwalira, ndipo iye anabwera kudzaika maliro. Anabwerera ku America n'kupitiriza.

Pa nthawi yomweyo timu yaikulu inali itayamba kudzuka. Andrew McCutchen, amene anamusankha mu 2005, anakhala mtsogoleri wawo. Gerrit Cole, woyamba kusankhidwa mu draft ya 2011, anafika. Starling Marte anachokera ku sukulu yawo ya ku Dominican Republic. Pamwamba pa amenewa anawonjezera akuluakulu otsika mtengo, monga A.J. Burnett amene Yankees inkafuna kumutaya. Mu 2013 Pirates inalowa mu ndime yolimbirana chikho koyamba chichokere 1992, McCutchen n'kukhala wosewera wopambana onse mu ligi yawo, ndipo mu 2015 inapambana masewera 98. Chikho sichinabwere, koma bwalo la PNC Park linkadzaza. Apanso mukuona kuti kulera kunayamba, kusinthana kunatsatira.

Tsiku la Gift linafika pa 26 April 2017. Pirates inkasewera ndi Chicago Cubs, eni chikho, ndipo woponya anali Jon Lester yemwe uja. Gift analowa masewera ali mkati, ndipo ulendo wake woyamba kugwira ndodo anamenya mpira umene unadutsa pakati pa bwalo, n'kufika bwinobwino pa malo oyamba. Anali munthu woyamba wobadwira mu Africa kusewera mu ligi yaikuluyi. Kuno linali kale tsiku la 27 April, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lino. Anali atadikira zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi.

Koma malonda alibe chisoni. Mu November chaka chomwecho Pirates inamupereka ku Toronto Blue Jays, popeza inkafuna malo a anyamata ena amene ankabwera m'mbuyo mwake. Ku Toronto anasewera masewera ochepa mu 2018, ndipo ulendo wake mu ligi yaikulu unathera pomwepo. Pambuyo pake anasewera ku Australia ndi kwina, kenako analowa uphunzitsi m'matimu ang'onoang'ono a Arizona Diamondbacks. Mng'ono wake Victor nayenso analembedwa ndi Pirates. Kachipinda kamodzi ka ku Randburg kanatulutsa osewera awiri olipidwa.

Tsopano timve mmene timu yolera bwino ingawonongere zonse tsiku limodzi. Mu January 2018 Pirates inagulitsa Cole ku Houston ndi McCutchen ku San Francisco, kusonyeza kuti yayambanso kumanga. Pa msinthano wa McCutchen inapeza Bryan Reynolds, amene anadzakhala mzati wa timuyo. Koma pakati pa chaka timu inapambana masewera angapo motsatizana, ochemerera n'kuyamba kufuula kuti akuluakulu achitepo kanthu. Pa 31 July, tsiku lotseka msika wa osewera, Pirates inatenga woponya wotchuka Chris Archer ku Tampa Bay, n'kupereka anyamata atatu: Tyler Glasnow, Austin Meadows ndi Shane Baz. Archer sanachite bwino ndipo anavulala. Meadows chaka chotsatira anasankhidwa m'gulu la akatswiri a ligi, Glasnow anakhala woponya woopsa, ndipo mu 2020 Tampa Bay inafika pa World Series. Kumapeto kwa 2019 Huntington anali atachotsedwa ntchito, ndipo mu 2021 Archer anabwerera ku Tampa Bay komweko, Pirates osalandira kalikonse.

Tayerekezani misinthano iwiriyi, omvera. Chicago inapereka mnyamata wake ili pamwamba pa ligi, ikusowa munthu mmodzi. Pittsburgh inapereka atatu ili pakati, ikusowa anthu ambiri, chifukwa choopa phokoso la ochemerera. Kusinthana pakokha si nzeru kapena uchitsiru. Chimene chimasiyanitsa ndi kudziwa moona mtima pamene timu yafika.

Njira imeneyi ili ndi mbali yake yoipa, ndipo sitiibisa. Eni matimu ena anaphunzira kuti mawu oti tikumanga timu ndi chophimba chabwino cha kuumira. Amagulitsa aliyense amene malipiro ake akwera, n'kumauza anthu kuti dikirani, pamene matikiti akugulitsidwabe pa mtengo womwewo. Houston Astros inagonja masewera opitirira 100 zaka zitatu zotsatizana kuyambira 2011, inasonkhanitsa anyamata monga George Springer, Carlos Correa ndi Alex Bregman, inawonjezera Justin Verlander pa msinthano, n'kutenga chikho mu 2017, ngakhale pambuyo pake zinadziwika kuti chaka chimenecho inkabera zizindikiro za adani pogwiritsa ntchito kamera. Matimu ambiri anatsanzira kugonja kwa Houston, koma ndi ochepa amene anafika pa chikho. Osewera anadandaula, ndipo kuyambira 2023 malo oyambirira mu draft amaperekedwa mwa maere, kuti timu isamagonje dala. Maere oyambawo anagwera Pirates, imene inasankha woponya Paul Skenes, ndipo mu 2024 iye anakhala wosewera watsopano wopambana mu ligi yake. Anyamata a m'matimu ang'onoang'ono nawo, amene kwa zaka zambiri ankalandira zosakwanira lendi, analowa m'bungwe la ogwira ntchito mu 2022, ndipo chaka chotsatira malipiro awo anakwezedwa. Zimenezi zinachedwa kwambiri kwa a msinkhu wa Gift Ngoepe.

Tibwerere kuno kwathu. Makalabu a ku Boksburg, Benoni kapena Randburg sasinthana osewera ngati a ku America. Amayendetsedwa ndi makolo ndi anthu odzipereka, amene amadula udzu, kujambula mizere ndi kunyamula ana pa galimoto zawo Loweruka m'mawa. Kwa iwo, njira yomangira timu ndi imodzi yokha: kutenga ana a zaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri n'kukhala nawo mpaka atakula. Ndipo makalabu amenewa ndiwo sitepe yoyamba ya makwerero aatali aja amene amakathera ku Pittsburgh kapena ku Seattle.

Dziko la Uganda laonetsa kuti zimenezi sizifuna mbiri yaitali. Kumeneko anthu ochepa anaika mtima pa ana a sukulu, ndipo mu 2012 timu ya ana ya ku Lugazi inakhala yoyamba ya mu Africa kusewera pa Little League World Series ku America. Patatha zaka khumi, Los Angeles Dodgers inalemba anyamata awiri a ku Uganda, Ben Serunkuma ndi Umar Male, ndipo mu 2023 Pirates inalemba woponya David Matoma. Osaka luso tsopano akuyang'ana Africa, ndipo amayang'ana kumene kuli ana ambiri amene akusewera mwadongosolo.

Apa m'pamene East Rand iyenera kudzifunsa. Ku Reiger Park, ku Ramaphosa ndi ku Vosloorus kuli ana zikwizikwi, a makolo obadwira konkuno ndi a makolo ochokera ku Mangochi, Mzimba, Chipata ndi Tete. Ambiri a iwo ali ndi mkono wamphamvu ndi liwiro, koma sanagwirepo ndodo ya baseball. Chowatsekereza si luso. Ndi ndalama ya thiransipoti, mtengo wa chikopa chakudzanja ndi nsapato, ndalama yolembetsera, komanso maganizo akale akuti masewera amenewa ndi a anthu ena. Gift Ngoepe anadumpha zonsezi chifukwa chakuti ankagona pabwalo penipeni. Si bwino kuti mwana achite kukhala wa mayi wosesa pakalabu kuti apeze mwayi wotere. Kalabu imene ikufunadi kulimba iyenera kupita yokha m'masukulu a pulayimale a m'malokeshoni, ndi mipira ndi ndodo m'thumba, m'malo modikira kuti ana adzaipeze.

Ndipo makolo tinene zoona: mwa ana 100 amene angayambe, mwina palibe ndi mmodzi yemwe amene adzafike ku America. Ngoepe ndi Scott ndi awiri okha amene anafika mu ligi yaikulu m'mbiri yonse ya dziko lino mpaka pamene Scott ankafika mu 2019. Choncho sukulu isasiyidwe chifukwa cha maloto a madola, ndipo munthu aliyense wobwera ndi malonjezo otengera mwana kunja, uku akupempha ndalama, mumufufuze kaye kudzera ku kalabu ndi ku bungwe loyendetsa baseball m'dziko lino. Chimene mwana aliyense angapeze ndithu ndi malo otetezeka okhalako masana, aphunzitsi omuyang'anira, ndi anzake a mitundu ina amene sakanakumana nawo mumsewu wa kwawo.

Tisanatseke, nali funso loti mukambirane kunyumbako usiku uno. Timu imene mumaichemerera, kaya ya baseball, ya mpira wamiyendo kapena ya ntchemberembaye ya kutchalitchi kwanu, kodi ili ndi ana amene ikuwalera, kapena chaka chilichonse imangobwereka osewera kwa ena? Ndipo ikagonja miyezi iwiri, kodi inu muli m'gulu lofuula kuti onse achotsedwe?

Baseball kuno imaseweredwa nyengo yotentha. Bambo, mayi, achimwene, achemwali amene muli ku Boksburg ndi madera ozungulira, nyengoyo ikayamba sankhani Loweruka limodzi, mutenge mwana wanu, wamwamuna kapena wamkazi, mupite naye kubwalo akaonere, ndipo mufunse aphunzitsi tsiku limene ana a msinkhu wake amaphunzira.